Matenda a maganizo: phunziro losakwana pa bolodi pokha

Palibe mwana amene amayamba Sitandade 1 asakudziwa kanthu za misala. Amakhala ataphunzira kale pamsika, pomwe anaona akuluakulu akuseka munthu wovala sanza akutola zinyenyeswa. Amakhala atamva mayi ake akumuopseza kuti akapanda kugona amuitanira wamisala wa kusiteji. Mwinanso anathamangirako limodzi ndi anzake kukagenda munthu wotereyu, ndipo palibe wamkulu amene anawaletsa. Choncho mphunzitsi akaima kutsogolo kuti ayambe mutu wa matenda a maganizo, asaganize kuti akuyamba pachabe. Akulimbana ndi phunziro lina lomwe linalowa kale, ndipo linalowa bwino chifukwa linaphunzitsidwa ndi zochita, osati ndi choko.

Kodi nkhaniyi ndi ya ana?

Anthu ambiri amati mwana sangakhale ndi maganizo chifukwa salipira lendi, sagula fetereza, sasamala banja. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likunena zosiyana: mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la maganizo, ndipo pafupifupi theka la matendawa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Kudzipha kuli m'gulu la zinthu zimene zikupha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29. M'kalasi ya ana 70, zomwe si zachilendo m'sukulu zathu za boma, ndiye kuti tikunena za ana pafupifupi 10.

Ana athu aonanso zambiri m'zaka zochepa. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19, ndipo atsikana ambiri sanabwererenso. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe m'tsinde mwa phiri la Soche, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, anthu mazanamazana nafa, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Sukulu zitatsegulidwanso, ana anakhala pansi m'zipinda zomwe ankagonamo akulira maliro. Mwana wotere akamadzidzimuka mvula ikangoyamba kugunda malata, si kupusa ayi.

Zoyenera kuti ana adziwe

Chinthu choyamba ndi chakuti matenda a maganizo si amodzi. Munthu woyenda maliseche mumsewu ndi mmodzi chabe mwa ambiri, ndipo nthawi zambiri amakhala amene matenda ake anasiyidwa nthawi yaitali osathandizidwa. Ochuluka amene akudwala savula, sagenda, sakuwa. Amavala yunifolomu, amayankha dzina lawo likaitanidwa.

Pali matenda okhumudwa. Amasiyana ndi chisoni cha masiku onse chifukwa amakhalitsa, masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo amalanda munthu chilakolako cha zinthu zomwe ankazikonda. Mnyamata amene sankajomba ku mpira amangosiya, tulo timasowa kapena timachuluka, chakudya sichikoma, zolemba za aphunzitsi sizilowa m'mutu. Kwa achinyamata, matendawa amaonekeranso ngati kupsa mtima msanga, n'chifukwa chake ambiri amalandira chibalo m'malo mwa thandizo. Pali nkhawa yopyola muyezo, yomwe imathamangitsa mtima, kutulutsa thukuta ndi kubanikitsa ngakhale palibe choopsa chooneka. Pali matenda amene munthu amamva mawu omwe ena sakuwamva kapena kukhulupirira kuti akufuna kumupha. Awa amakonda kuyamba zaka za kumapeto kwa sekondale ndi kukoleji. Ndiye pali chamba ndi mowa. Chamba chikhoza kuyambitsa kapena kukulitsa kusokonekera kwa mutu, makamaka kwa amene wayamba kusuta ali wamng'ono, koma tisaphunzitse ana kuti aliyense wodwala anasuta. Bodza limeneli lapweteka mabanja ambiri.

Chachiwiri, chomwe ine ndimachiona chachikulu kuposa mayina a matenda, ndi chakuti anthu amachira. Ena amachiriratu, ena amakhala bwino akumwa mankhwala monga momwe amachitira wodwala shuga kapena BP. Mwana amene waloweza zizindikiro khumi koma sanamve kuti munthu amabwerera ku sukulu, kukwatira ndi kugwira ntchito, wangophunzira njira khumi zozindikirira munthu woti azimuthawa.

Khunyu: koyambira kosavuta

Khunyu ndi matenda a ubongo, osati a maganizo, komabe m'zipatala zathu zambiri odwala khunyu amathandizidwa pa kiliniki imodzi ndi odwala maganizo, ndipo tsankho lomwe amakumana nalo ndi lofanana. Ana ambiri amakhulupirira kuti thovu la wakhunyu likakukhudza, kapena akatulutsa mpweya uli pafupi, nawenso udwala. Ndiye mnzawo akagwa, onse amabalalika. Kumudzi, mantha amenewa ndi amene amachititsa kuti munthu agwere pamoto n'kupsa anthu akuonerera.

Apa mphunzitsi ali ndi mwayi wophunzitsa ndi manja. Khunyu silipatsirana. Likhoza kubwera pambuyo pa malungo aakulu okhudza ubongo, kuvulala m'mutu, kapena mavuto a pobadwa. Munthu akagwa, chotsani zinthu zomwe zingamuvulaze, ikani kansalu pansi pa mutu, musamuike sipuni kapena chala m'kamwa, musamugwire mwamphamvu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Zikapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Ana ayeseze zimenezi awiriawiri pabwalo. Kalasi yomwe yaphunzira kusathawa wakhunyu yayamba kale kuphunzira kusathawa wodwala wina aliyense.

Za kulodzedwa ndi mapemphero

Mphunzitsi akangonena kuti zolodzana n'zabodza, wataya theka la kalasi. Mwana adzasankha agogo ake, osati buku. Ndipo tinene zoona, aphunzitsi ambiri nawonso amakhulupirira zomwezo akavula jekete la kuntchito.

Njira yanzeru si kuyamba mkangano wa chikhulupiriro, koma kugwirizana pa zochita. Kaya banja likuganiza kuti gwero lake n'chiyani, wodwala akaonedwe kuchipatala, ndipo akaonedwe msanga, pakuti matenda osokoneza mutu akachedwetsedwa amavuta kuchiza. Kupemphera kusaletse mankhwala. Munthu asamangidwe unyolo pamtengo, asamenyedwe pofuna kutulutsa ziwanda, asasalitsidwe chakudya mokakamiza. Asalozedwenso chala gogo wina kuti ndiye walodza. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo tamva kokwanira za okalamba ophedwa pa nkhani zotere. Ena mwa okalamba amenewa amakhala akudwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, ndipo zolankhula zawo zosokonekera zimatengedwa ngati kuulula.

Zomwe Edzi inatiphunzitsa

Dziko lino linalimbanapo ndi kusalana, ndipo sukulu zinali patsogolo. Amene anaphunzira zaka za m'ma 1990 ndi 2000 akukumbukira makalabu a Edzi Toto, masewero ndi nyimbo zawo. Koma mauthenga okha sanathetse manong'onong'o. Zinthu zinayamba kusintha anthu odziwika atayamba kulankhula poyera, monga mu 2004 pamene Pulezidenti Bakili Muluzi anauza mtundu kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, komanso ma ARV atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma chaka chomwecho. Anthu anaona ndi maso awo munthu yemwe ankamuyembekezera maliro atadzuka n'kubwerera kumunda.

Akatswiri ofufuza za tsankho la matenda a maganizo apeza zofanana. Lipoti lalikulu lomwe magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa mu 2022 linatsindika kuti chomwe chimachepetsa tsankho kwambiri ndi kukumana ndi munthu amene anadwalapo, kumumva akufotokoza yekha. Mlendo mmodzi wotere, wobwera mwa kufuna kwake ndipo wokonzekera mafunso a ana, amaposa mitu itatu ya m'buku. Koma asakhale mwana wa pasukulu pomwepo. Kuimika wophunzira kutsogolo kuti akhale chitsanzo ndi kumupereka kwa anzake kuti akamudye panjira yobwerera kunyumba.

Pa matenda a maganizo penipeni payesedwapo kanthu. M'zaka za m'ma 2010, bungwe la Farm Radio International pamodzi ndi Dr Stan Kutcher wa ku Canada linagwira ntchito m'Malawi ndi ku Tanzania yophunzitsa aphunzitsi za matenda okhumudwa, kukhazikitsa makalabu omvera wailesi m'sukulu, ndi kuulutsa pulogalamu ya achinyamata yotchedwa Nkhawa Njee. Chomwe anachita bwino n'chakuti anayamba ndi aphunzitsi, ndipo anaphunzitsanso azaumoyo a m'zipatala zoyandikira. Koma inali pulojekiti, ndipo mapulojekiti amatha ndalama zikatha.

Umunthu uli ndi mbali ziwiri

Sitifunika kuitanitsa kunja mfundo yoti wodwala ndi munthu. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makolo anatisiyiranso mwambi woti wamisala anaona nkhondo, kutichenjeza kuti ngakhale amene timamuyesa wosokonekera tizimumvetsera. Katswiri wa za maganizo Pulofesa Chiwoza Bandawe wakhala akulemba kwa zaka zambiri kuti umunthu ndi maziko abwino a thanzi la maganizo kwa Mmalawi, ndipo n'zoona: matenda ena alionse akagwa pakhomo, timazonda, timanyamula phala, timagona kuchipatala ngati gadiyani.

Funso loti ana alikambirane ndi lakuti, nanga bwanji matenda awa okha sitizonda? Wothyoka mwendo amalandira alendo; wochokera ku chipatala cha odwala maganizo cha Zomba amatsekeredwa kuchipinda, ndipo alendo akafunsa amauzidwa kuti anapita kwa amalume ake. Chikhalidwe chomwecho chomwe chimatiphunzitsa kusamalana chimatiphunzitsanso kuti za m'nyumba sizituluka, kuti mwamuna salira, kuti banja la matenda otere usakwatireko. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Mnyamata wa Fomu 2 amene wauzidwa moyo wake wonse kuti alimbe mtima ayenera kumva kwa mphunzitsi wamwamuna, osati wamkazi yekha, kuti kunena kuti zinthu zandikulira si kuchepa.

Mbiri nayonso ili ndi gawo lake pa manyaziwa. Malo oyamba osungirako odwala misala mu ulamuliro wa atsamunda anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo chipatala chake chapadera chinadza mu 1953. Lamulo la 1948 loyendetsa chisamaliro cha odwalawa linagwira ntchito zaka zoposa 70. Ndime 229 ya malamulo a milandu inaika kuyesa kudzipha kukhala mlandu. Ana a sekondale akhoza kumvetsa kuti mtundu umene unazolowera kuona matendawa pafupi ndi ndende suchedwa kuona wodwala ngati wolakwa.

Phunziro likhoza kupweteka

Si chilichonse chotchedwa phunziro la maganizo chimene chimathandiza. Ku Britain, kafukufuku wa MYRIAD anayesa kuphunzitsa ana oposa 8,000 m'sukulu 84 njira ina yokhazikitsira mtima pansi, ndipo zotsatira zake mu 2022 zinaonetsa kuti sinapose maphunziro a masiku onse. Ofufuza ena apeza kuti kungouza anthu kuti awa ndi matenda a mu ubongo kumachepetsa kudzudzula wodwala, koma kukhoza kuwonjezera maganizo oti ndi woopsa ndipo sangachire.

Pa nkhani ya kudzipha pamafunika kusamala koposa. Mphunzitsi asafotokoze njira zomwe anthu amagwiritsa ntchito, ndipo masewero a pa asembule oonetsa munthu akudzipha chifukwa chokanidwa chibwenzi, anthu n'kumaombera m'manja, aleke. Koma kufunsa mwana mwachindunji, pambali, ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Nthawi zambiri kumamupeputsa. Chinanso: ana akangophunzira mayina a matenda amayamba kutchana nawo. Mphunzitsi amene amati "ndiwe wamisala kodi?" kwa mwana wolakwa samu wafafaniza yekha zonse zomwe anaphunzitsa dzulo.

Mwana akaulula, apite kuti?

Mutuwu uli ndi malo ake mu Life Skills, phunziro lomwe limalembedwa pa mayeso a MANEB, ndipo a Malawi Institute of Education ku Domasi ndi amene angaukulitse m'silabasi. Koma phunziro labwino limabala zotsatira: belu likalira, mwana wina amatsalira n'kunena kuti, "Madamu, zomwe mumanena zija zikundichitikira." Sukulu yomwe sinakonzekere mphindi imeneyi isayambe n'komwe mutuwu.

Kukonzekera kwake si kwa ndalama zambiri. Pakhale mphunzitsi mmodzi wamkazi ndi mmodzi wamwamuna odziwika kwa ana onse kuti ndi ofikirika, ndipo asakhale omwewo opereka zibalo. Adziwe kusunga chinsinsi, osakakamba mu stafu rumu, koma amuuze mwana poyambirira kuti ngati moyo wake uli pachiswe kapena wina akumuchitira nkhanza, adzauza amene angathandize. Ntchito ya mphunzitsi si kutchula matenda. Ndi kuona kusintha, kumvetsera, ndi kutumiza. Ahedi adziwe tsiku la kiliniki ya odwala maganizo pa chipatala cha boma cha m'boma lawo ndi namwino amene amaiyendetsa. Kupatula chipatala cha Zomba, pali a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo nambala yaulere ya 116 yothandiza ana iyenera kulembedwa pakhoma pomwe mwana angaione osafunsa munthu. Amayi a mother group ndi komiti ya makolo amve phunziro lomwelo, chifukwa ndi iwo amene adzapite kukalankhula ndi bambo wokana kuti mwana wake apite kuchipatala.

Ndiye pali mwana amene wajomba teremu yonse akulandira thandizo. Mankhwala ena amagonetsa, ena amanjenjemeretsa manja kapena kunenepetsa, ndipo anzake adzaona. Sukulu igwirizane ndi iye komanso makolo ake zomwe kalasi iuzidwe ndi zomwe isauzidwe, apatsidwe nthawi yokopera manotsi, ndipo tsiku lokatenga mankhwala lisawerengedwe ngati kujomba.