Mafunso amene makolo amafunsa pa nkhani yolanga ana

Ambiri a ife tinakula ndi mkwapulo, kunyumba ndi kusukulu komwe. Tsopano malamulo anasintha, ndipo makolo ambiri kuno ku Chongwe amafunsa kuti mwana wa zaka 7 mpaka 12 angamuwongole motani. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Kodi n'zoona kuti boma linaletsa kukwapula mwana?

Inde. Mu August 2022, Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo la ana lochedwa Children's Code Act. Lamuloli limaletsa munthu aliyense kumenya mwana ngati cilango, kaya ndi kholo, ambuya kapena amalume. M'masukulu, lamulo la zamaphunziro la 2011 linaletsa kale aphunzitsi kukwapula ana. Udindo wa makolo woongola mwana ukadalipo. Cimene cinaletsedwa ndi kumupweteka thupi.

Nanga Baibulo silikamba za ndodo?

Ambiri amachula Miyambo 13:24. Koma tiwerengenso Aefeso 6:4, pamene mtumwi Paulo acenjeza atate kuti asaputse mkwiyo mwa ana ao, koma awalere ndi malangizo. M'cinenero cathu, mau akuti kulanga ndi kulangiza ali pa tsinde limodzi. Alangizi a cinamwali nchito yao ndi kuphunzitsa. Mwana akamenyedwa kawirikawiri amaphunzira kubisa zolakwa, ndipo akakula pang'ono amaleka kuuza makolo za mavuto ake.

Tsono ndicite ciani akalakwa?

Cilango cigwirizane ndi colakwaco. Tinene kuti mnyamata wa zaka 9 anasiya mbuzi n'kupita kukamenya bola, mbuzizo zadya cimanga ca aneba. Yambani mwadikira kuti mtima utsike. Mufunseni cimene cinacitika, mumvetsere mpaka atsirize. Kenaka pitani naye kwa anebawo akapepese yekha, ndipo athandize kukonza mpanda. Masiku awiri kapena atatu asapite ku bola. Mukanena cilango, cicitike ndithu, ndipo atate ndi amai akambe cimodzi. Musamumane nsima, musamugoneke panja, musamunyoze pamaso pa anzake.

Mwana wanga akana kupita kusukulu. Kodi ndi ulesi?

Nthawi zambiri pali cifukwa cina. Kuyambira January 2022, m'masukulu a boma salipiritsa fizi mpaka Giredi 12, koma mwana akhoza kuthawa sukulu cifukwa ca njala, yunifomu yong'ambika, mtunda wautali kapena anzake omuvutitsa. Wina wafika Giredi 5 asanadziwe kuwerenga, ndipo acita manyazi. Mtsikana wa zaka 11 kapena 12 mwina wayamba kusamba ndipo alibe zodzisamalira nazo. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake. Tsegulani mabuku ake madzulo, ngakhale inu simunapite patali ndi sukulu.

Kodi kumutuma nchito n'kulakwa?

Iai. Kutunga madzi, kusesa, kutsuka mbale ndi kuthandiza kumunda Loweruka ndi maphunziro abwino. Colakwa ndi kumujombetsa kusukulu nthawi yobzala kapena yokolola, kapena kumuika m'mbali mwa Great East Road kugulitsa tomato ndi makala anzake ali m'kalasi. Pamseu pamenepo pali ngozi za magalimoto ndiponso anthu onyengerera ana.

Ndingapeze kuti thandizo?

Yambani ndi akulu a mpingo kapena amai a cigwirizano amene analera kale ana. Mukaona mwana ali ndi zipsera, aopa munthu wina wake, kapena wagwiriridwa, nkhaniyo isathere pabanja. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi, kapena ku ofesi ya Social Welfare pa boma. Mwanayo akhale wanu kapena wa aneba, mukhoza kukanena.