Loko ndi wolimba, nanga kiyi akusunga ndani?

Mphunzitsi wa ku Ngauma, namwino wa ku Mandimba komanso wapolisi wa pa chipata cha Entre Lagos, onsewa malipiro awo amadzera m'makina a kompyuta a boma otchedwa e-SISTAFE. Kutsidya kwa malire, ku Nayuchi ndi ku Chiponde, ndalama za boma la Malawi nazo zimadzera m'makina ofanana nawo otchedwa IFMIS. Makinawa akamayenda bwino, malipiro amafika pa nthawi yake ndipo mankhwala amapezeka m'chipatala. Akasokonekera, wolira ndi munthu wa kumudzi.

Makina a mtundu umenewu, omwe makampani akuluakulu amawatcha ERP, ali ngati kaundula mmodzi wamkulu. Kale ofesi iliyonse inali ndi buku lakelake. Tsopano ndalama zolowa, zotuluka, malipiro a antchito ndi zogulira katundu zimalembedwa pamalo amodzi, kotero kuti mkulu wa ku likulu angathe kuona zimene ofesi ya ku Cuamba yagwiritsa ntchito. Koma nanga n'chifukwa chiyani makinawa kwina amathandiza, kwina amasanduka khomo la mbava?

Yankho lake likupezeka pa zimene zinachitika ku Malawi. Dzikolo linakhazikitsa IFMIS mu 2005 pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Epicor, potengera chitsanzo cha dziko la Tanzania. Mu September 2013, mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa pa geti ya nyumba yawo ku Lilongwe, ndipo m'masiku amenewo apolisi ankapeza antchito a boma ali ndi ndalama zankhaninkhani m'magalimoto ndi m'nyumba zawo. Nkhaniyi ndiyo inatchuka ndi dzina loti Cashgate.

Akatswiri a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain atafufuza, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013. Macheke ankalembedwa kupita ku makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, kenaka wina ankafufuta zonsezo m'kompyuta. Antchito ena ankabwerekana mawu achinsinsi olowera m'makinawo ngati akubwerekana khasu. Paja akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka: okuba anali omwewo osunga kiyi. Mayiko othandiza Malawi anaimika thandizo lawo, ndipo zipatala ndi sukulu ndizo zinamva kuwawa. Kuyambira mu 2020 dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito IFMIS yatsopano ya pulogalamu ya SAP.

Dziko la Mozambique linadzera njira ina. Linayamba ndi lamulo la SISTAFE mu 2002, lonena momwe ndalama za boma ziyenera kuyendera, ndipo makina a e-SISTAFE anabwera pambuyo, mu 2004. Ndalama zomwe zinali m'maakaunti ambirimbiri a ku banki zinasonkhanitsidwa mu akaunti imodzi ya boma. Makinawo anafalikira pang'onopang'ono, kuyambira ku maunduna a ku Maputo, kenaka ku zigawo, pomaliza ku maboma ang'onoang'ono. Boma linalamulanso kuti wantchito aliyense azikaonekera yekha pofuna kutsimikiza kuti alidi moyo. Mu 2018 linalengeza kuti lapeza mayina pafupifupi 30,000 a antchito a mizukwa omwe ankalandira malipiro.

Komabe izi sizikutanthauza kuti kompyuta inatseka mipata yonse. Mu 2013 ndi 2014, makampani a Ematum, Proindicus ndi MAM anatenga ngongole za pafupifupi madola 2 biliyoni, boma litalonjeza kuti lidzabweza ngati iwo alephera, popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Chinsinsichi chitaululika mu 2016, thandizo la kunja linaima, ndalama ya metical inagwa mphamvu ndipo mitengo ya sopo, mchere ndi mafuta inakwera m'misika yonse. Kompyuta imangoona zokhazo zimene munthu waikamo. Zobisidwa m'kabati siizidziwa.

Tsono zofunika kuti makina otere apindule n'zodziwikiratu. Choyamba, wolemba cheke asakhale yemweyo wovomereza ndi wolipira. Chachiwiri, wantchito aliyense akhale ndi mawu akeake achinsinsi, ndipo chilichonse chofufutidwa chizisiya phazi. Chachitatu, antchito aphunzitsidwe mokwanira, chifukwa wosadziwa amabwerera ku pepala ndi pensulo. Chachinayi, magetsi ndi intaneti zifike m'maofesi akutali, poti popanda izi kalaliki amadikira kapena kuyenda ulendo wautali kukalemba malipiro. Chachikulu pa zonse n'chakuti owerengera ndalama za boma aziyendera mabuku kawirikawiri, ndipo wolakwa, kaya akhale bwana, azilangidwa.

Anthu a m'midzi ya m'malire nawo ali ndi mbali yawo. Pa misonkhano ya chitukuko, mafumu ndi makomiti a sukulu ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama za mjigo kapena za chipinda chophunziriramo zinatuluka liti ndipo analandira ndani. Mkulu akayankha kuti “makina ndiwo avuta”, funso lotsatira likhale lakuti: kodi kiyi wa makinawo akusunga ndani?