Mantha okoma: n'chifukwa chiyani masewero a mizukwa sakutha pa kanema?

Kumayambiriro kwa chaka cha 1967, sewero lina la pa wailesi ya kanema ya ABC ku America linali pafupi kufa. Dzina lake linali Dark Shadows, ndipo linkaonetsedwa masana. Linkasimba za banja lolemera la a Collins ndi zinsinsi zake, koma oonera anali ochepa. Zinthu zitafika pa mwana wakana phala, olemba seweroli anatsegula bokosi la maliro n'kutulutsamo Barnabas Collins, munthu woyamwa magazi amene anatsekeredwa m'manda kwa zaka zoposa 100. Jonathan Frid, yemwe ankasewera ngati Barnabas, anamulemba ntchito ya masabata owerengeka chabe. Koma ana asukulu anayamba kuthamangira kunyumba akaweruka kuti asaphonye kalikonse, ndipo seweroli linapitirira mpaka 1971, ndi magawo oposa 1,200.

Kuchokera nthawi imeneyo eni mawailesi akudziwa kuti mzukwa uli ndi msika. Mu Okutobala 2014, gawo limodzi lokha la The Walking Dead, sewero la mitembo yoyenda yosaka anthu amoyo, linaoneredwa ndi anthu oposa 17 miliyoni ku America. Funso n'lakuti: munthu wanzeru zake, wotopa ndi ntchito, amakhaliranji pampando n'kudziopseza yekha?

Yankho lina lili m'thupi. Chitseko chikalira pa kanema, nyimbo n'kungoti zii mwadzidzidzi, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamachenjeza thupi lonse kuti kwaopsa. Adrenaline amathamangira m'magazi, mtima umagunda mofulumira, m'manja mumatuluka thukuta, munthu amachita tsemwe. Pa nthawi yomweyo ubongo womwewo ukudziwa kuti mwini wake ali pa mpando wake, rimoti ili m'manja. Paul Rozin, katswiri wa kaganizidwe ka anthu wa pa yunivesite ya Pennsylvania, anafufuza kwa zaka zambiri khalidwe lokonda zinthu zopweteka zimene sizivulaza, ndipo chitsanzo chake chotchuka ndi tsabola. Wodya kambuzi amadziwa bwino nkhaniyi: lilime likupsa, misozi ili mbwembwembwe, koma dzanja likubwereranso m'mbale chifukwa palibe chimene chikupsa zenizeni.

Tsabolayo akachuluka, ndiwo zimaonongeka. Ku yunivesite ya Aarhus ku Denmark kuli gulu la akatswiri lofufuza za mantha amene anthu amawafuna dala, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake ndi Mathias Clasen. Mu 2020 gululi linafalitsa zimene linapeza litamangirira zida zoyezera kugunda kwa mtima pa anthu 110 olowa m'nyumba yoopsezeramo alendo mumzinda wa Vejle. Amene sanachite mantha kwenikweni sanasangalale kwenikweni, ndipo amene mantha anawapitirira muyezo nawonso chisangalalo chinawachepera. Kukoma kunali pakati.

Komatu zimenezi zikungofotokoza chifukwa chimene munthu angaonerere filimu yoopsa ya maola awiri. Sizikufotokoza chimene chinagwira anthu kwa zaka 15 akutsatira Supernatural, sewero lomwe linayamba mu 2005 n'kutha mu 2020 litafika magawo 327. Palibe chiwanda chimene chingaopseze munthu kwa nthawi yaitali chonchi. Ukachiona kachitatu, umayamba kuona kuti ndi munthu wopaka utoto kumaso.

Chimene chinkawabweza oonera mlungu ndi mlungu anali anyamata awiri apachibale, Sam ndi Dean Winchester. Mayi awo anaphedwa ndi chiwanda Sam ali khanda, bambo awo anawalera m'misewu akusaka chiwandacho, ndipo iwo anakulira m'galimoto yakuda ya Chevrolet Impala ya 1967. Amakangana, amanamizana, amasiyana, kenaka mmodzi amapereka moyo wake kuti mbale wake apulumuke. Aliyense amene ali ndi mkulu wake wolamula kwambiri, kapena mng'ono wake wosamva, amadziona m'galimoto imeneyo. Apa ndi pamene sewero la magawo ambiri limaposera filimu: lili ndi nthawi yokupangitsa kukonda anthu ake lisanawaike pangozi. Mantha ochitira munthu amene ukumudziwa amalowa mkati kuposa ochitira mlendo.

Mike Flanagan anaionetsa bwino mfundoyi mu The Haunting of Hill House, imene inatuluka pa Netflix mu 2018 ndi magawo 10, potengera buku limene Shirley Jackson analemba mu 1959. Ana asanu a banja la a Crain anakhala m'nyumba ya mizukwa, ndipo mayi awo anafera momwemo. Atakula, wina anasanduka kapolo wa mankhwala osokoneza bongo, wina amakonza mitembo, wina amalemba mabuku a mizukwa pomwe iye mwini sakhulupirira kuti iliko. Flanagan anabisa mizukwa kuseri kwa zitseko ndi m'ngodya za zipinda, yongoima chete osachita kanthu, moti oonera ambiri anaitulukira poonera kachiwiri. Koma gawo limene anthu amalikumbuka kwambiri ndi lachisanu ndi chimodzi, pamene banja lonse lakumana pa maliro n'kuyamba kutulutsirana zakukhosi. Mzukwa woopsa m'seweroli ndi chisoni chimene banja linakana kuchikamba, ndipo mwa masewero onse a mtunduwu, ndi ochepa amene anafika pamenepa.

Stranger Things ya 2016 inayendanso njira yomweyo. Chilombo chilipo, koma mtima wa nkhani ndi mayi, Joyce Byers, amene mwana wake wasowa m'tauni ya Hawkins mu 1983, ndipo anthu akumuyesa wamisala chifukwa akuti mwanayo akumulankhula kudzera m'magetsi a Khirisimasi.

Palinso china: mzukwa umanena zimene munthu saloledwa kunena. Rod Serling, amene anayambitsa The Twilight Zone mu 1959, anali atatopa ndi makampani otsatsa malonda omwe ankadula masewero ake akakhudza tsankho ndi ndale. Anaona kuti nkhani yomweyo akaiika m'kamwa mwa chilombo kapena mlendo wochokera kumlengalenga, imadutsa. Patatha zaka 60, mlembi wa ku South Korea Kim Eun-hee anachita chimodzimodzi mu Kingdom ya 2019. Mliri wa mitembo yoyenda umafalikira pakati pa anthu wamba chifukwa cha njala yoopsa, pomwe nduna za ku nyumba ya mfumu zikubisa choonadi ndi kulimbirana mpando.

Kuno ku Africa oonera sanachite kuphunzitsidwa kukoma kotereku. Nthano za usiku za zilombo zomeza ana osamvera zinalipo kanema asanabwere. Ku Nigeria, filimu ya Chiigbo ya 1992 yotchedwa Living in Bondage, imene ambiri amati ndiyo inatsegula njira ya Nollywood, ndi nkhani ya Andy, mwamuna wopereka mkazi wake Merit kuti akhwimire chuma, mzimu wa mkaziyo n'kumusowetsa mtendere. Mafilimu a mtunduwu anadzaza nyumba zoonetsera mavidiyo m'misika ya ku Malawi ndi Zambia, ndipo tchanelo cha Africa Magic, chomwe chinayamba mu 2003, chinawalowetsa m'nyumba za anthu. Ku South Africa, sewero la Isibaya la pa Mzansi Magic, lomwe kwenikweni linali la mikangano ya eni matakisi, linafika posandutsa mmodzi mwa anthu ake akuluakulu ndondocha. Funso lobisika m'nkhani zambiri zotere ndi lomwe limanong'onedwa m'midzi: kodi uja chuma chake anachipeza bwanji?

Apa mpamene nkhaniyi imasiyana ndi ya ku America kapena ku Denmark. Kukoma kwa mantha kumadalira kuti woonera adziwe kuti zimene akuonazo n'zopeka. Wa ku America akazimitsa kanema, woyamwa magazi amathera pomwepo. Ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa kwakanthawi antchito ake m'maboma ena a kumeneko. Si masewero amene anabweretsa mphekeserazo, pakuti n'zakale kuposa kanema. Koma sewero limene nthawi zonse limaonetsa gogo wosauka ali mfiti likuthira mafuta pamoto woyaka kale, ndipo limenelo ndi sewero laulesi ngakhale litaopsa chotani.

Ana nawonso mpata wosiyanitsa zoona ndi zopeka sanaupeze. Joanne Cantor wa pa yunivesite ya Wisconsin, amene anafufuza kwa nthawi yaitali za mantha a ana pa kanema, anapeza kuti ana aang'ono amaopa kwambiri maonekedwe a chilombo, ngakhale chitakhala chabwino mtima m'nkhanimo, ndiponso kuti ena amakula ndi manthawo mpaka kuvutika kugona. Nambala ija imaoneka pakona sewero likamayamba, 13, 16 kapena 18, siikidwa ngati chokongoletsa. Makolo, iyang'aneni musanakhale pansi ndi ana, ndipo ngati yalemba 18, dikirani ayambe agona.