Musanakhudze Max Payload Size mu BIOS, taonani kaye masamu ake

Pa TikTok ndi YouTube pali timavidiyo tolonjeza kuti kompyuta yanu ithamanga ngati yatsopano mukangosintha kanthu kamodzi mu BIOS. Kena mwa tinthu totere ndi PCIe Max Payload Size. Amene amakopeka msanga ndi achinyamata okonza mavidiyo aukwati ndi osewera magemu pa makompyuta a kaunjika. Nanga liwiro laulere angalikane ndani?

BIOS, kapena UEFI pa makompyuta amakono, ndi pulogalamu yomwe imadzuka Windows isanadzuke. Mumalowamo podina Del kapena F2 mukangoyatsa. PCIe ndi msewu wa pa motherboard womwe graphics card, SSD ya NVMe ndi khadi ya Wi-Fi zimadutsitsirapo deta. Unabwera mu 2003, ndipo malamulo ake amaika ndi bungwe la PCI-SIG.

Pamsewuwu deta imayenda m'timaphukusi. Max Payload Size ndi malire a katundu wolowa m'phukusi limodzi: mabayiti 128, 256, 512, mpaka 4096. Phukusi lililonse limanyamulanso adiresi ya komwe likupita ndi manambala otsimikizira kuti silinawonongeke panjira, zomwe zimadya mabayiti 20 kapena kuposerapo. Tiyerekeze kuti ndi 24. Pa phukusi la 128, katundu weniweni ndi mabayiti 84 pa 100 aliwonse oyenda pamsewu. Pa 256 amafika 91, pa 512 amafika pafupifupi 96. Kupitirira apo phindu lake n'lochepa zedi.

Ndiye inde, phukusi lalikulu lili ndi ubwino. Koma apa m'pamene timavidiyo tija timadumpha dala. Chipangizo chilichonse chili ndi malire ake omwe chinapangidwa nawo, chimodzimodzinso CPU ndi chipset, ndipo phukusi siliyenera kuposa malire a chochepetsetsa panjirayo. Lole ya matani 30 siwoloka mlatho wamatabwa chifukwa choti dalaivala wafuna. Zipangizo zambiri za makompyuta akunyumba zimathera pa 256 kapena 512. Mukasankha 4096, BIOS yabwino imangokunyalanyazani n'kutsatira malire enieni. Koma chipangizo chikalandira phukusi loposa msinkhu wake chimaliona ngati lowonongeka, ndipo zotsatira zake zikhoza kukhala kompyuta kuuma kapena SSD kusowa muli mkati mwa ntchito ya kasitomala.

N'chifukwa chake pali Auto, yomwe nthawi zambiri imasankha kale nambala yomwe mbali zonse zingakwanitse. Mukhoza kudzionera nokha osasintha kanthu: pa Windows, pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa malire a chipangizo ndi nambala yomwe chikugwiritsa ntchito. Pa Linux lembani sudo lspci -vv n'kufufuza mawu oti MaxPayload.

Kunena zoona, magemu ambiri sadzadza n'komwe msewu wa PCIe. Ngati kompyuta yanu ili ndi RAM ya 4GB ndi hard disk yakale yozungulira ija, vuto lili pamenepo, osati pa timaphukusi. A laptop musavutike kusaka, opanga ambiri anabisa kale gawoli.

Ngati mtima sukukhazikikabe, jambulani ndi foni tsamba la BIOS musanasinthe, ndipo sinthani chinthu chimodzi basi. Kompyuta ikakana kudzuka, izuleni kumagetsi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zingapo, kenako kabwezereni. BIOS ibwerera momwe inachokera kufakitale, kungoti mudzakonzanso tsiku ndi nthawi.