Zimene Maso Amaphonya pa Mandala

Musanalowe mu Mandala House ku Blantyre, imani kaye panja muione bwino. Ndi nyumba yosanja, yokhala ndi khonde lalikulu pansi ndi pamwamba pomwe. Inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, yomwe ankayendetsa anthu awiri apachibale ochokera ku Scotland, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi amene John ankavala. Makolo athu anaona chonyezimira pankhope ya mzunguyo, basi dzina n'kumera pomwepo.

Khonde lija si lokongoletsa chabe. Limapereka mthunzi, limatchinjiriza khoma ku mvula, komanso wokhala pamwambapo ankaona bwinobwino amtengatenga akutula minyanga ya njovu pabwalo. Kamangidwe kokhako kakukuuzani kale amene anali bwana.

Lero m'zipinda zapansi muli La Caverna, mogulitsira zojambula ndi ziboliboli, pomwe pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946. Zaluso zenizeni zilimo ndithu. Koma mukayenda m'tauni momwe anyamata amayala katundu wawo m'mbali mwa msewu, muona zithunzi zikubwerezana ngati ana amapasa: mayi wasenza mtsuko, mlambe, bwato panyanja dzuwa likulowa. Minibasi ya ku Ndirande yodzaza thothotho simuipeza kawirikawiri pazithunzizi. Sikuti anyamatawa alibe maso ayi. Wogula ndi mlendo, ndipo mlendoyo akufuna Malawi wabata woti akamupachike pabalaza kwawo. Kunena zoona, ndani angawadzudzule pamene lendi ikuwadikira?

Chimene chimandigwira mtima ine ndi zigoba za Gule Wamkulu, mwambo umene UNESCO inauzindikira mu 2005. Tengani chigoba cha Simoni. Nkhope yake ndi yofiira psuu, ngati mzungu amene wapsa ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo dzinalo lili ndi fungo la ku mishoni. Pabwalo, ng'oma zikulira, Simoni ndi chitonzo: Achewa ankaseka mlendo wodzikuza iye ali pompo osadziwa kanthu. Ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, zigoba zotere amazisunga pamodzi ndi matanthauzo ake.

Pamsika wa ziboliboli tanthauzolo limatsalira. Mlendo amanyamula nkhope yofiira ija, n'kuitembenuza uku ndi uku, n'kuyamikira utoto wake. Kenako amayamba kunenerera mtengo.