Makiyi Awiri M'manja, Nanga Enawo Ali Kuti?

Ku Hara, m'dera la Mfumu Wasambo m'boma la Karonga, chuma cha munthu chimagona m'nyumba. Kuyambira pamene boma lidakhazikitsa sikimu ya mpunga kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, madzi othirira akhala akulola alimi kukolola kawiri pachaka. Mpunga ukapunthidwa ndi kuuma bwino, matumba ake amasanjidwa m'chipinda kudikira kuti mitengo ikwere. Motero chitseko cha ku Hara chimasunga anthu ogona pamodzi ndi thukuta lawo la miyezi yambiri, lomwe ndilo fizi ya ana ndiponso feteleza wa ulimi wotsatira.

Mphunzitsi wina atatsala pang'ono kupuma pa ntchito adagula nyumba ya njerwa zootcha chakufupi ndi msewu wa M1. Tsiku lomaliza kulipira, wogulitsa adampatsa makiyi awiri omangidwa pa kachingwe, ndipo iye adabwerera kwawo mtima uli m'malo. Patapita masiku adaitana kalipentala wachikulire kuti adzakonze chitseko chimene chinkakhula pansi.

"Aphunzitsi, kodi makiyi a chitseko ichi mwalandira angati?" adafunsa mkuluyo.

"Awiri, bambo. Eni ake adati ndi omwewo."

Mkuluyo sadatsutse. Adangopisa m'thumba natulutsa mpukutu wa makiyi akale amene amayenda nawo pa ntchito yake, ndipo atayesa angapo, loko uja adatseguka. Mphunzitsiyo adangoti kukamwa yasa, pakuti m'chipinda chamkati mudali kale matumba a mpunga amene banja lake lidakolola.

Pamenepa padalibe matsenga ayi. Maloko ambiri a m'nyumba za kumudzi ndi a m'matauni ang'onoang'ono ndi aja olowetsa m'thabwa la chitseko, ndipo m'kati mwake muli tizitsulo tophwatalala totchedwa maliva. Mano a kiyi amanyamula kachitsulo kalikonse kufikira pa muyeso wake, ndipo tonse tikafika pamenepo, lilime la loko limayenda. Nzeru imeneyi adaikhwimitsa ndi Robert Barron wa ku England m'chaka cha 1778. Vuto ndi lakuti loko wotsika mtengo amakhala ndi maliva awiri okha, kotero mitundu ya makiyi ake ndi yowerengeka. Makiyi otere amadindidwa nambala, ndipo amene waloweza nambalayo angathe kukagula kiyi wofanana naye m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba popanda womufunsa kanthu. Loko wa maliva atatu ndi wolimbirapo, koma wa maliva asanu ndiye wodalirika. Ku Britain, muyeso wa maloko a zitseko zakunja wotchedwa BS 3621 umafuna maliva osachepera asanu ndi mitundu ya makiyi yosachepera 1,000.

Ngakhale loko atakhala wabwino chotani, nyumba yogula imakhala ndi mbiri imene wogula sangaidziwe yonse. Loko watsopano amabwera ndi makiyi awiri kapena atatu, koma pa zaka khumi makiyiwo amaswana. Mmisiri amene adamanga nyumbayo adasungako mmodzi pamene ankamaliza pulasitala. Mwana wa pasukulu adataya wake pa njira, makolo nadulitsa wina. Alendi amene adakhalamo adasamuka, mwina osabweza onse. Mnansi adasungitsidwa kiyi pamene eni nyumba adapita ku maliro. Wogulitsa ponena kuti makiyi ndi awiri okha sakunama kwenikweni, akungonena amene iye akuwakumbukira. Ndipo kusintha loko sikutanthauza kuti wogula akumuyesa mnzakeyo mbala. Ambiri amazengereza poopa kuti achibale a wogulitsa adzakhumudwa, koma akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Njira zothetsera vutoli zilipo ziwiri. Yoyamba ndiyo kusintha zam'kati mwa loko kuti kiyi wakale aleke kugwira ntchito, lokoyo ali pomwepo. Mbiri imati Solomon Andrews wa ku New Jersey ku America ndiye adayamba kupanga loko wotheka kusinthidwa chotere m'chaka cha 1836. Njirayi imayenda bwino ndi maloko a kiyi wophwatalala wa mano ngati a sowo, mtundu umene Linus Yale wamng'ono adaukonza m'chaka cha 1861. M'loko wotere muli timapini totalika mosiyanasiyana, ndipo mmisiri akatichotsa ndi kuikamo tina, amadula kiyi watsopano wogwirizana nato. Maloko ena a mtunduwu ali ndi kamtima kolowetsamo kiyi kamene kamagwidwa ndi sikuluwu imodzi yokha m'mphepete mwa chitseko. Munthu angathe kugula kamtima kokhako, kutenga kakale ngati muyeso, ndi kusintha yekha osakhudza chogwirira.

Njira yachiwiri ndiyo kuchotsa loko yense ndi kuika wina. Kwa loko wa maliva awiri, imeneyi ndiyo yanzeru, chifukwa kumusintha zam'kati n'kungochoka pa kiyi wina wopezekeratu kupita pa mnzake wopezekeratunso. Wogula atenge loko wakaleyo popita ku sitolo, kaya ndi ku Chilumba, ku Karonga kapena ku Mzuzu, kuti watsopanoyo akalowe m'bowo lomwelo. Aonetsetse kuti paketi yake njosatsegula ndiponso kuti makiyi onse ali momwemo. Ngati mmisiri ndiye akuika, makiyiwo awerengedwe pamaso pa onse awiri ntchito isanayambe ndi itatha. Ntchito imeneyi iyenera kuchitika katundu asanalowe m'nyumba, ndipo isathere pa khomo lakumaso. Khomo lakuseri, chipinda cha matumba ndi khitchini yapanja, zonsezi zili ndi makiyi amene adayendanso m'manja ambiri.

Loko wolimba pa chitseko chofooka ndi ndalama zotaya. Karonga ili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka, ndipo zivomezi za mu Disembala 2009 zidagwetsa ndi kung'amba nyumba zambirimbiri m'bomali. Khoma likang'aluka, felemu ya chitseko imapendekeka, ndipo lilime la loko limangolowa pang'ono m'bowo lake, kotero kuti phewa la munthu mmodzi n'lokwanira kutsegula. Chiswe nachonso chimadya felemu m'kati, kunja kukuoneka bwino, monga chikomekome cha nkhuyu. Tsono wogula agogode matabwa, ayang'ane mahinjesi, ndipo pa loko wopachika aone ngati masikuluwu a kolowekera kwake sangamasulidwe ndi munthu woima panja. Usiku, mpiringidzo wa makolo uja ukadali mlonda wabwino, pakuti ulibe kiyi woti wina n'kudulitsa.

Komabe pali khomo lina limene loko sangatseke. Nyumba zambiri za ku Hara zili pa malo a mafumu, ndipo kawirikawiri nyumba imagulitsidwa mwini wake atamwalira. Amene akugulitsa angakhale mchimwene wa malemu, pamene mkazi wamasiye ndi ana sadavomere. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo kuwalanda chumacho ndi mlandu. Wogula amene wathamangira kusintha loko pa nyumba yotere amapezeka kuti watsekera kunja eni ake enieni, ndipo mlandu ukafika ku bwalo angathe kutaya nyumba ndi ndalama zomwe. N'chifukwa chake kalata ya mgwirizano iyenera kutsogola. Ilembedwe pamaso pa nyakwawa ndi mboni za mbali zonse ziwiri, itchule malire, mtengo, tsiku lopereka nyumba ndi chiwerengero cha makiyi. Malamulo a malo a 2016 adakhazikitsanso makomiti oyang'anira malo a mafumu, otsogozedwa ndi agulupu, ndipo kumene alipo nkwabwino kuwafunsa. Ngati m'nyumbamo muli mlendi, apatsidwe nthawi yokwanira yosamukira, pakuti kumutsekera katundu wake m'kati n'kuputa mlandu wina.

Mphunzitsi uja adali atalongosola kale za kalata kwa anyakwawa, choncho chotsala chidali chitseko chokha. Tsiku lomwelo adakwera minibasi nakagula maloko atatu. Pobwera adapeza kalipentala atawongola felemu, ndipo dzuwa lisanalowe maloko onse adali m'malo mwake. Makiyi adawawerenga onse pamodzi: ena adapatsa mayi a kunyumba, ena adasunga yekha, otsalawo adawatsekera m'bokosi la masatifiketi ake. Mtengo wa ntchito yonseyo udali wochepa poyerekeza ndi mpunga umene udali m'chipinda chamkati.

Achinyamata amene angomaliza sukulu ndipo ayamba kuchita lendi, ngakhale ka chipinda kamodzi, nkhaniyi ikuwakhudzanso. Iwo sangachotse loko popanda chilolezo cha mwini nyumba, koma angathe kupempha kuti aike loko wawo wopachika, ndi kufunsa funso lomwe lija la kalipentala wa ku Hara asanalowetse katundu: makiyi a chitseko ichi alipo angati, ndipo ali ndi yani?