Amisiri otseka mpata wa pansi pa khoma

Ku Canada ndi kumpoto kwa America nyumba zambiri ndi zamatabwa. Ena amathira maziko a konkire n'kumapita, kenako akalipentala amabwera kudzaimika makoma. Nkhani yagona pamene thabwa loyamba lakumana ndi konkireyo. Ngakhale wothira atasalaza bwanji, pamatsalabe timipata toti nyerere n'kudutsa. Nyengo yachisanu, mpweya wofunda wa m'nyumba umakwera n'kutulukira kudenga, ndipo wozizira umalowa m'malo mwake kudzera m'munsimo. Mwini nyumba amangomva mapazi kuzizira, uku ndalama zotenthetsera nyumba zikumuthera.

Wotseka mpatawu nthawi zambiri ndi kalipentala, ndipo amachita izi atagwada. Amasesa konkire, amayala lamba wofewa wonga siponji, kumuboola pomwe pali mabawuti otuluka m'maziko, n'kugonekapo thabwa lomwe iwo amati sill plate, lomwetsedwa mankhwala kuti lisawole. Akamanga mabawuti, lambayo amafinyika. Koma lamba woonda sadzaza pokumbika kwambiri, choncho mmisiri wosamala amadutsanso ndi phula lomatira m'mphepete monse, mpaka m'makona momwe dzanja limavuta kufika. Amenewa ndi amene ine ndimawalemekeza, chifukwa khoma likatsekedwa palibe adzaone zomwe anachita, ndipo waulesi akadumpha malo, kukonza kwake n'kovuta. Vuto lina n'lakuti mpatawu uli pamalire a magulu awiri: wa konkire amati ndi za kalipentala, kalipentala amati konkire ndiye wokhota.

Pambuyo pake pamabwera opopera thovu louma msanga, atavala zotchinga thupi lonse ndi mphuno, kudzamata pomwe matabwa a pansi akhala pa maziko.

Womaliza ndi woyesa. Amatseka mawindo onse, amaika chifani chachikulu pakhomo, chotchedwa blower door, n'kukoka mpweya wa m'nyumba kufikira mphamvu ya mpweya wa mkati ndi wa kunja itasiyana ndi mapasikalo 50. Malamulo a zomangamanga a ku America otchedwa IECC, a mu 2012, ananena kuti kumadera ozizira mpweya wonse wa m'nyumba usasinthike koposa katatu pa ola pakuyesaku. Luso lomanga mothina chonchi linatchuka ndi nyumba yoyesera ya Saskatchewan Conservation House yomwe inamangidwa mumzinda wa Regina ku Canada mu 1977.

Chifanicho chikulira, woyesayo amayenda chokwawa m'mbali mwa khoma ndi kachipangizo kotulutsa utsi. Utsi ukapindika n'kuthawa khoma, amalembapo chizindikiro n'kuitana kalipentala kuti adzagwadenso.